Mafuta Akatayikira m'Madzi ndi m'Nthaka, Amapita Kuti?

Nthawi zambiri ife a zaumoyo tikamaphunzitsa za tizilombo tosaoneka ndi maso, timatchula toyambitsa kolera, chifuwa chachikulu, kamwazi ndi matenda ena. Chifukwa cha ichi anthu ambiri amaganiza kuti tizilombo tonse ndi adani athu. Zoona zake n'zakuti toyambitsa matenda ndi tochepa kwambiri poyerekeza ndi tina tambirimbiri timene timatigwirira ntchito usana ndi usiku popanda malipiro. Ndi timene timaoletsa mapesi ndi masamba kuti asanduke manyowa, timasasitsa chambiko, ndiponso timachepetsa zonyansa m'dzenje la chimbudzi kuti lisadzaze msanga.

M'phunziro lino tiona gulu limodzi la tizilombo tothandizati: timene timadya petulo, dizilo, parafini ndi oyilo wa injini. Tiona m'mene timagwirira ntchito, zimene timafuna kuti tigwire bwino ntchitoyo, ndi malo amene mphamvu yake imathera. Mfundo yomalizayi ndiyo yaikulu kwa inu, chifukwa malo amene tizilomboti timalephera ndi omwewo amene mumatungako madzi akumwa.

Mafuta ali pakhomo pathu

Mwina mukuti nkhani ya kutayika kwa mafuta ndi ya maiko a zombo zikuluzikulu, ife kuno sitikhudzidwa. Tayang'anani bwino m'dera lanu. Pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, wodutsa pa Mpingu ndi pa Namitete, pamayenda magalimoto onyamula mafuta. Ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma midzi yambiri imadalira zigayo za dizilo. Njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo iliyonse imasinthidwa oyilo pafupipafupi, kawirikawiri pansi pa mtengo pamsika. M'madimba alimi ena asiya ndowa ndi mapampu opondaponda, akuthirira ndi injini zimene amaziika m'mphepete mwenimweni mwa chitsime kapena mtsinje. Mafuta akasowa m'dziko muno, petulo amasungidwa m'zigubu ndi m'mabotolo m'nyumba zogona.

Ndiye oyilo wakuda wochotsedwa mu injini zonsezi amathera kuti? Wina amatayidwa pansi kuseri kwa chigayo. Wina amathiridwa m'chimbudzi kuti aphe fungo ndi ntchentche. Wina amapakidwa pa milimo ndi pa nsanamira poopa chiswe, wina pa nkhumba ndi ng'ombe za zilonda, ndipo pali ena amafika pomupaka pa chilonda cha munthu. Kutayika kwathu kuno ndi kwa botolo limodzi lero, lina mawa. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

Choopsa chimene chili m'mafutamo

Petulo, dizilo, parafini ndi oyilo zonse zimachokera ku mafuta akuda okumbidwa pansi, amene amayengedwa ku mafakitale akunja ndi kufika kuno kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. M'mafuta amenewa muli mankhwala a mitundu yambirimbiri. Ena ndi opepuka ndipo amauluka msanga. Ndiwo fungo limene mumamva pamalo omwetsera mafuta. Ena ndi olemera ngati phula la pamsewu.

Amodzi mwa mankhwala opepukawo ndi benzene, amene amapezeka mu petulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limamuika m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya m'magazi. Benzene amasungunuka m'madzi mosavutirapo kusiyana ndi mbali zina za mafuta, ndipo mayi woyembekezera akamupuma kapena kumumwa amatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba. Mlingo umene WHO idaika ndi wakuti m'lita imodzi ya madzi akumwa musapitirire mamiligalamu 0.01. Kuti mumvetse kuchepa kwake: galamu imodzi yokha ya benzene, imene singadzaze n'kasupuni ka tiyi komwe, ndi yokwanira kufikitsa pa mlingo umenewu malita 100,000 a madzi, amene ndi zigubu 5,000 za malita 20.

Oyilo wakuda ali ndi vuto lakelake. Poyenda mu injini amatola tizidutswa ta zitsulo zoperepeseka ndi zotsalira za mafuta opsa, ndipo zina mwa zotsalirazi zimayambitsa khansa ya pakhungu kwa munthu amene amazigwira kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake oyilo wakuda si mankhwala a chilonda, kaya cha munthu kaya cha chiweto.

M'mene tizilombo timadyera mafuta

Mafuta okumbidwa pansi adachokera ku zomera ndi tamoyo ta m'madzi timene tidakwiririka kalekale. Motero kwa mabakiteriya ena ndi nkhungu zina, mafutawa ndi chakudya basi. Tizilombo totere tilipo kale m'dothi la kumunda kwanu, m'mitsinje ndi m'nyanja, koma timakhala tochepa. Mafuta akatayika, tizilombo tina timafa, pamene todya mafutato timapeza phwando ndi kuswana mofulumira. Akatswiri adatipatsa maina monga Alcanivorax, kamene kamapezeka m'nyanja za mchere, ndi Pseudomonas, kamene kamapezeka kwambiri m'dothi.

Kadyedwe kake kali motere. Kachigawo kakang'ono ka mafuta kali ngati mkanda wa mikanda yolumikizana. Kachilombo kamayamba ndi kulumikiza mpweya wa okosijeni kumapeto kwa mkandawo, kenaka kamadula mikanda iwiriiwiri mpaka wonse utatha. Zotsala zake ndi madzi, mpweya wonga umene timatulutsa popuma, ndi matupi a tizilombo tatsopano. Mikanda yoongoka imadyedwa msanga. Yopindika ngati mphete imatenga nthawi yaitali. Yolemera ngati phula imatsala kwa zaka. Zitsulo za mu oyilo wakuda ndiye palibe kachilombo kangazidye. Zimakhala pomwepo mpaka kalekale.

Dziwaninso kuti tizilombo timakhala m'madzi, osati m'kati mwa mafuta. Timadya pamalo okhawo amene mafuta akumana ndi madzi. Taganizani za ntchintchi ya nsima ndi nyerere: ikakhala yathunthu nyerere zimangonyenya kunja kwake, koma mukainyenyanyenya zimaitha mwamsanga. Mafuta ounjikana pamalo amodzi amachedwa kutha, pamene omwazikana m'timadontho amatha msanga.

Zinthu zinayi zimene tizilomboti timafuna

Choyamba ndi mpweya. Popanda okosijeni ntchitoyi imayenda mwa kamba. Tilipo tizilombo tina todya mafuta popanda mpweya, koma ntchito imene inzake imagwira m'miyezi, ito timaigwira m'zaka.

Chachiwiri ndi ndiwo. Mafuta ali ngati nsima yopanda ndiwo: amapatsa mphamvu koma samanga thupi. Kuti tiswane, tizilomboti timafuna nayitirojeni ndi fosifolasi, michere yomweyo imene mumaifuna mu feteleza ndi manyowa kuti chimanga chikule.

Chachitatu ndi chinyontho. M'dothi louma gwaa la mwezi wa Okutobala tizilombo timagona. M'dothi lodzaza madzi timasowanso mpweya. Timafuna chinyontho chapakatikati.

Chachinayi ndi kutentha. Kozizira ntchito imachedwa, kofunda imafulumira. Apa ndiye dziko lathu lili ndi mwayi.

Sungani zinthu zinayizi m'mutu, chifukwa nkhani zonse zotsatirazi zikuzungulira pa izo.

Zimene dziko lidaphunzira panyanja

Zambiri zimene tikudziwa za tizilomboti zidaphunziridwa pa ngozi zikuluzikulu za panyanja za mchere. Tione ziwiri.

Pa 24 Malichi 1989 chombo chotchedwa Exxon Valdez chidagunda miyala ku Alaska, kumpoto kwa America, ndipo malita pafupifupi 40 miliyoni a mafuta osayenga adatayikira m'nyanja ndi kumata m'magombe. Mbalame ndi nyama za m'madzi zidafa zosawerengeka. Akatswiri adapeza kuti tizilombo todya mafuta tidalipo m'magombemo koma tinkasowa ndiwo. Adamwaza feteleza pa miyala yomata mafuta, ndipo pamalo othiridwawo mafuta adatha mofulumirapo kusiyana ndi pamalo osathiridwa. Komabe patatha zaka zoposa 20, anthu akakumba pansi pa miyala m'magombe ena ankapezabe mafuta akuda, onunkha ngati atayika dzulo. Mafutawo adalowa pansi pamene mpweya ndi michere sizifika mokwanira.

Ngozi yachiwiri idachitika pa 20 Epulo 2010 m'nyanja ya Gulf of Mexico, pamene nsanja yokumbira mafuta ya Deepwater Horizon idaphulika ndi kupha anthu 11. Chitsime cha mafuta chimene chinali pansi pa madzi akuya mamita 1,500 chidakhala chikutuluka kwa masiku 87, ndipo malita oposa 500 miliyoni adalowa m'nyanja. Pansi pa nyanja imeneyi mafuta amatumphuka okha pang'onopang'ono kuyambira kalekale, choncho tizilombo todya mafuta tinali tozolowera kale. Akatswiri atatunga madzi akuya adapeza kuti tachulukana kwambiri m'mene munali mafuta, ndipo tidadya gawo lalikulu la mbali zopepuka m'miyezi yochepa. Koma mafuta amene adamira m'matope a pansi pa nyanja, ndi amene adalowa m'madambo a m'mphepete mwake, adakhalitsa kwa zaka.

Phunziro la ngozi ziwirizi ndi limodzi: pamene pali mpweya ndi michere tizilombo timachita zodabwitsa, koma mafuta akakwiririka pobisika amakhala.

Mankhwala omwaza mafuta, ndi sopo wathu

Pa ngozi ya 2010 ija, oyeretsa nyanja adathira malita pafupifupi 7 miliyoni a mankhwala otchedwa Corexit, ena kuchokera mu ndege, ena pakamwa penipeni pa chitsime pansi pa nyanja. Mankhwalawa ndi abale ake a sopo. Mukatsuka mbale ya mafuta ndi sopo, mafutawo satha. Amangosweka m'timadontho tating'onoting'ono ndi kuyenda ndi madzi otsukira. Cholinga panyanja chinali chomwecho: kuphwanya ntchintchi kuti nyerere ziithe msanga, komanso kuti mafuta asafike kugombe.

Kodi zidathandiza? Akatswiri mpaka lero sagwirizana chimodzi. Kafukufuku wina adaonetsa kuti mafuta omwazidwa m'madzi ambiri amadyedwa msanga. Koma mu 2015 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Samantha Joye wa ku yunivesite ya Georgia lidatunga madzi akuya a m'nyanjayo ndi kuwayesa m'mabotolo. Lidapeza kuti m'mabotolo othiridwa mankhwalawo mudachuluka tizilombo todya mankhwalawo, pamene kachilombo kodziwa kudya mafuta kotchedwa Marinobacter kadafooka. Enanso adapeza kuti chimodzi mwa zosakaniza za Corexit, chotchedwa DOSS, chinalipobe m'timibulu ta mafuta ta m'magombe patatha zaka pafupifupi zinayi, pamene ambiri ankayembekeza kuti chiola msanga. Anamwino timachidziwa chinthu chimenechi, chifukwa m'mlingo wochepa chimagwiritsidwa ntchito m'mankhwala ofewetsa chimbudzi. Koma malita mamiliyoni m'nyanja ndi nkhani ina. Kafukufuku wa pakati pa anthu amene adagwira ntchito yoyeretsa adaonetsanso kuti okhudzana ndi mankhwalawa ankadandaula kwambiri za kutsokomola, kubanika, ndi kuyabwa kwa maso ndi khungu.

Tsono bwerani nazo kwanu. M'nyanja yaikulu timadontho timabalalika m'madzi opanda malire. Dziwe la kudimba kwanu lili ndi malire. Mukatsukira injini kapena njinga yamoto mumtsinje ndi sopo waufa, utoto wa mafuta pamwamba pa madzi umazimiririka, inu n'kumati madzi ayera. Chimene mwachita ndi kutsitsa mafutawo kuchoka pamwamba, pamene akadauluka kapena kuyengulidwa, ndi kuwalowetsa m'kati mwa madzi momwe muli matemba ndi momwe anzanu akumunsi akutunga. Pamtunda sopo amathandizanso mafuta kutsikira pansi kulondola madzi a m'zitsime. Choncho mafuta akatayika musathirepo sopo ndi madzi.

Malo amene tizilombo timalephera

Malo oyamba ndi madzi a pansi pa nthaka, amene amadyetsa zitsime ndi mijigo. Kumeneko mpweya ndi wochepa, michere ndi yochepa, ndipo madzi amayenda pang'onopang'ono. Chitsanzo chomvetsa chisoni chili ku Ogoni m'dziko la Nigeria, kumene mafuta akhala akutayika kwa zaka zambiri. Mu 2011 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, UNEP, idatulutsa lipoti la dera limeneli. M'mudzi wa Nisisioken Ogale idapeza mabanja akumwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene wopitirira mlingo wa WHO ka 900. Pamalo ena otchedwa Ejama-Ebubu nthaka inali yoipabe patatha zaka 40 mafuta atatayika. Lipotilo lidati kukonza deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30. Nigeria ndi dziko lotentha ndi lamvula, loyenera tizilombo, koma pansi pa nthaka tidalephera.

Malo achiwiri ndi matope a m'dambo. Dothi lakuda la m'dambo limakhala lodzaza madzi miyezi yambiri, ndipo mpweya sulowamo. Dizilo wodontha pa injini yothirira akalowa m'matopemo amakhalitsa, ndipo ndi momwemo mumene mumakumba zitsime zazifupi m'chilimwe.

Malo achitatu ndi dzenje la chimbudzi. M'dzenjemo mpweya ndi wochepa kale. Oyilo wakuda amaphimba pamwamba pa zonyansa ndi kusokoneza tizilombo timene timaziola, ndipo mvula ikakweza madzi a pansi, amayenda nawo. Mamita 30 amene timalangiza pakati pa chimbudzi ndi chitsime adaikidwa poganizira tizilombo ta matenda, timene timafa m'njira. Mafuta safa m'njira. Pothana ndi fungo ndi ntchentche gwiritsani ntchito phulusa ndi chivundikiro cha pabowo.

Malo achinayi ndi pansi pa Nyanja ya Malawi. Madzi a kuno sathera kuno: mtsinje wa Namitete umathira mu Bua, wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo yonse iwiri imakathera m'nyanja. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700, koma kupitirira mamita pafupifupi 250 kutsika pansi madzi ake alibe okosijeni, ndipo madzi akuyawo sasakanikirana bwino ndi apamwamba. Potulukira pake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire. Kuyambira mu 2011, pamene boma lidapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjayi ku kampani ya Surestream Petroleum, nkhani yokumba mafuta m'nyanja yakhala ikumveka kawirikawiri. Ikadzabweranso, inu ngati nzika muli ndi funso loyenera kufunsa: mafuta atamira kumene kulibe mpweya, adzawadya ndani?

Kuzindikira madzi oipitsidwa ndi mafuta

Chizindikiro choyamba ndi fungo kapena kukoma kwa parafini m'madzi. Chachiwiri ndi utoto wonyezimira ngati utawaleza pamwamba pake. Koma m'madambo mumaonekanso utoto wofanana nawo umene umapangidwa ndi tizilombo todya dzimbiri la m'dothi, ndipo uwu si mafuta. Kuti musiyanitse, tengani kamtengo ndi kuvundula pang'ono. Utoto ukasweka m'tizidutswa tosabwererana, ndi wa dzimbiri. Ukazungulira kamtengoko ndi kulumikizananso msanga, ndi mafuta.

Mukakayikira chitsime kapena mjigo, lekani kumwa ndi kuphikira madziwo, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo, amfumu ndi komiti ya madzi kuti auze a ofesi ya zamadzi ku khonsolo. Apa mvetsani bwino: klorini ndi WaterGuard zimapha tizilombo ta matenda koma sizichotsa mafuta. Kusefa ndi nsalu sikuchotsa. Kuwiritsa nakonso si yankho, chifukwa mbali zopepuka zimaulukira m'khitchini momwe mukupuma pamene zolemera zimatsala mumphika. Chimodzimodzinso chigubu chimene mudasungiramo petulo kapena dizilo: pulasitiki imamwa mafutawo ndi kumawatulutsa pang'onopang'ono, kotero ngakhale muchitsuke kangati chisakhalenso cha madzi akumwa, thobwa kapena mafuta ophikira.

Chochita mafuta akatayikira pa dothi

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka, koma dothi limene lamwa mafuta limaoleka ngati mwachita changu. Njira yotsatirayi ndi ya kutayika kwakung'ono, monga kwa pachigayo, pokonzera njinga kapena kudimba. Ntchito yake ndi yopatsa tizilombo zinthu zinayi zija.

Yambani ndi kutseka podontha, ndipo ngati ndi petulo zimitsani moto ndi fodya pafupi ponse. Unjikani kamzere ka dothi kuzungulira malowo kuti mafuta asayenderere ku ngalande. Mwazani utuchi, mchenga kapena makoko a mtedza kuti amwe mafutawo.

Kenaka kumbani dothi lonse lonunkha mafuta mpaka mufike pa losanunkha. Valani magolovesi kapena mapepala a pulasitiki m'manja, ndi nsapato. Amayi oyembekezera ndi ana asagwire nawo ntchito imeneyi.

Yalani dothilo pa pepala lalikulu la pulasitiki, pamalo okwera, kutali ndi chitsime, dambo ndi posewera ana. Musaliunjike mulu, likhale losapitirira masentimita 20 kapena 30 kuchindikala kwake kuti mpweya ulowe. Sakanizani ndi manyowa owolerana a nkhuku kapena ng'ombe, pafupifupi ndowa imodzi pa ndowa zitatu kapena zinayi za dothi. Manyowa amabweretsa ndiwo komanso tizilombo tina toonjezera.

Wazani madzi kuti dothi likhale lonyowa ngati la pa nazale, loti mukalifinya likuumbika koma osadontha. Litembenuzeni ndi khasu sabata iliyonse. Nthawi ya mvula yamphamvu liphimbeni kuti lisakokoloke. Pakapita miyezi ingapo fungo lidzachepa. Mutha kuyesa podzala nyemba zingapo: zikamera bwino, mafuta ambiri atha. Nyembazo muzule, musadye. Dothi limene lidamwa oyilo wakuda lisapite kudimba la masamba, chifukwa cha zitsulo zija. Ligwiritseni ntchito pokwirira maenje a mumsewu kapena podzala mitengo ya milimo.

Cholakwika chachikulu chimene anthu amachita ndi kukumba dzenje ndi kukwirira mafuta kuti asaoneke. Potero mwawachotsa pamene pali mpweya ndi kuwayandikizitsa ku madzi a pansi.

Kutayika kwakukulu, monga galimoto ya mafuta ikagubuduzika, si kwa inu kuthana nako. Thawani kutali, chotsani ana, ndipo dziwitsani apolisi ndi a zachilengedwe ku khonsolo. Bungwe la boma la MEPA ndilo limayang'anira nkhani zoipitsa chilengedwe. Musathamangireko ndi zigubu. Pa 17 Novembala 2016, pamudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, galimoto ya mafuta idaphulika anthu ataizungulira kuti atunge petulo, ndipo oposa 70 adafa, ena mwa iwo ana.

Kupewa

Eni zigayo ndi alimi a injini, ikani thireyi yachitsulo kapena beseni la mchenga pansi pa injini, ndipo pothira mafuta gwiritsani ntchito fanulo. Injini yothirira ikhale pamtunda, paipi yokha ndiyo ilowe m'madzi. A kabaza ndi amakanika, khuthulirani oyilo wakuda m'chigubu chotsekeka ndi kuchilemba, osati pansi. Tsukirani njinga kutali ndi mtsinje ndi mjigo. Mukatha ntchito sambani m'manja ndi sopo, osati ndi petulo, chifukwa petulo amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Makomiti a mijigo, ikani lamulo loletsa kukonzera kapena kutsukira injini pafupi ndi mjigo, ndipo amfumu alichirikize.

Chithandizo choyamba

Ngozi imene timaiona kawirikawiri m'zipatala ndi ya mwana wamng'ono amene wamwa parafini kapena petulo wosungidwa m'botolo la zakumwa. Choopsa chachikulu sichili m'mimba koma m'mapapo. Kadontho kochepa kakalowa m'njira ya mpweya kamafalikira ndi kuyambitsa chibayo choopsa. Choncho:

Musamusanzitse, kaya ndi chala, madzi a mchere kapena mankhwala azitsamba. Posanza ndi pamene mafuta amalowera m'mapapo.

Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena dzira laliwisi.

Muvuleni zovala zonyowa mafuta, musambitseni ndi sopo ndi madzi, ndipo mukhazikeni tsonga pamalo a mpweya wabwino.

Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula, ku Nsaru kapena ku Nambuma, ngakhale akuoneka bwino, chifukwa zizindikiro zimatha kuyamba patapita maola. Tengani botololo kuti achipatala aone chimene wamwa. Kutsokomola, kupuma mofulumira, kutentha thupi ndi kuodzera ndi zizindikiro zoti musachedwe n'pang'ono pomwe.

Mafuta akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Abambo amene mumakoka petulo ndi pakamwa kudzera mu paipi, dziwani kuti chibayo chomwechi sichiona msinkhu.

Mafunso okambirana m'magulu anu

1. M'mudzi mwanu, ndi malo ati amene oyilo wakuda ndi dizilo amatayikira kawirikawiri? Atalikirana bwanji ndi chitsime kapena mjigo wapafupi?

2. Tchulani zinthu zinayi zimene tizilombo todya mafuta timafuna. Ndi chiti chimene chimasowa m'dzenje la chimbudzi ndi m'matope a m'dambo?

3. Mnzanu wathira sopo pamadzi oyandama mafuta ndipo akuti vuto latha. Mungamufotokozere bwanji chimene chachitika?

4. M'nyumba mwanu parafini ndi petulo zimasungidwa m'chiyani, ndipo mwana wa zaka ziwiri angazifikire?

5. Kodi gulu lanu lingagwirizane chiyani ndi eni zigayo ndi a kabaza mwezi uno, mvula isanayambe kukokolola zimene zatayikira pansi?